Chidindo cha pa Mwami sichifunsa mfunda

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Tsikuli limagwa mkati mwa tchuthi chachitali cha sukulu, choncho chaka chino ndatsimikiza zokadzionera ndekha. M'thumba mukalola, ndipitirira mpaka ku Livingstone kukaona mathithi a Victoria, amene ndakhala ndikuwajambula pa bolodi kwa ana a Fomu 2 osawaonapo ndi maso.

Aphunzitsi anzanga akundiseka. Akuti ku Chipata n'kwathu komwe, nanga ndikusanjiranji mapepala ngati ndikupita ku London? Mbali ina akunena zoona. Chilankhulo n'chimodzi, nsima ndi yomweyi, gule ndi yemweyu. Koma wogwira ntchito pa chipata cha Mwami safunsa ngati ndinu Phiri kapena Banda. Amafuna pasipoti.

Itulutseni lero musutikesimo, muone tsiku lothera ntchito. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, komanso masamba opanda kanthu odindapo. Ngati yatsala pang'ono kutha, musadikire sabata ya ulendo. Tonse tikukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, anthu maulendo awo n'kufera m'mazira. Chiphaso chakanthawi chimene anthu a m'malire amadutsira pokaona abale kapena kumaliro n'cha ulendo waufupi, sichingakufikitseni ku Livingstone.

Mmalawi safunika viza polowa mu Zambia, ndipo apa m'pamene ambiri amatayirira. Kuyambira mu Disembala 2022, chipata cha Mchinji ndi Mwami chinaphatikizidwa, moti ogwira ntchito a mayiko onse awiri mumawapeza malo amodzi. Zinthu zinafulumira, inde, koma munthu wachilendo atha kudinditsa kamodzi n'kuthamangira basi poganiza kuti wamaliza. Zidindo n'ziwiri: chotulukira m'Malawi ndi cholowera mu Zambia. Chachiwiricho ndiye moyo wa ulendo wonse, chifukwa pamenepo amalembapo masiku amene mwaloledwa kukhala m'dzikomo.

Akakufunsani kuti mukakhala masiku angati, musayankhe mwamanyazi. Ife Amalawi timakonda kuchepetsa, kuopa kuoneka ovuta. Werengani bwino. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndipo kuchoka ku Lusaka kukafika ku Livingstone ndi ena pafupifupi 470. Pa basi amenewo ndi masiku awiri kupita, awiri kubwerera, osawerengera la Kulamba, la mathithi, ndi lina loti mwina basi yafa panjira. Wonena kuti "atatu okha, bwana" wadzimangirira yekha. Musanachoke pawindo, werengani zimene alemba pachidindocho. Kupyola masikuwo ndi mlandu, ndipo mphunzitsi wa boma amene wagona m'chitokosi cha dziko lina sukulu itatsegulira ali ndi zambiri zoti akafotokoze kwa ahedi.

Anyamata a njinga zamoto adzakunong'onezani za njira zachidule zodutsa m'minda. Kwa wokagula sopo tsidya lina mwina zimayenda. Kwa inu amene mukaloŵe mkati mwa dziko, pa msewu wa Great East pali zipata za apolisi, ndipo pasipoti yopanda chidindo cholowera ilibe chokuyankhirani.

Za ndalama. Dzina ndi limodzi, kwacha, koma mphamvu n'zosiyana kutalitali. A ku Zambia anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo mu 2013, choncho wina akakuuzani kuti chakudya ndi "fifite", musasangalale msanga. Funsani mtengo wosinthira ku banki musananyamuke, muonenso zithunzi za ndalama zimene zikugwira ntchito panopa, kuti wina asakupatseni mapepala akale. Osintha ndalama oyendayenda pa chipata ali ndi zala zothamanga kuposa maso anu. Ine ndalama yobwererera ndikaisunga payokha, m'thumba losiyana ndi la pasipoti, limodzi ndi fotokope ya tsamba loyamba.

Amene mukupita pa galimoto yanu muli ndi ntchito ina: mapepala a umwini, chilolezo cha apolisi chotulutsira galimoto, ndi inshuwalansi ya COMESA yotchedwa Yellow Card. Ife a basi zimenezo zatipita.

Kunena zoona, Ogasiti si mwezi umene mathithi amakhala pachimake. Madzi amachuluka cha m'Malichi mpaka Meyi, ndipo pofika Okutobala mbali ya Zambia imatsala pang'ono kuuma. Koma mu Ogasiti nthunzi imachepa, phompho la mamita oposa 100 limaoneka bwino. Pafupi pomwepo pali mlatho umene unamangidwa mu 1905, wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Wofuna kungoyenda pa mlathowo n'kubwerera amauza ogwira ntchito pa chipata cha Zambia, iwo n'kumupatsa kachiphaso kapadera m'malo modinda kuti watuluka. Nenani zimenezo musanawapatse pasipoti.