Kadimba Kuseri kwa Nyumba ndi Moto Umodzi

Anzanga a ku Mwaya, ife a m'mbali mwa nyanja tikhulupirira cinangwa cokha, ndipo timati kondowole ndi usipa zikwanira. Koma akulu akumbukira zaka za 1986 ndi 1987, pamene kodikodi anaononga minda ya cinangwa m'boma la Nkhata Bay, njala nilowa m'nyumba zambiri. Mbeu imodzi singasunge mudzi.

Cifukwa cace ine nditi banja liri lonse, ngakhale la m'tauni lokhala ndi malo ocepa, lilime kadimba kuseri kwa nyumba. Bzalani mbatata, nyemba, mpiru ndi bonongwe, pakuti cirombo cogwira cinangwa sicigwira zonsezi. Thirani zitosi za nkhuku kuti nthaka isaguge.

Caciwiri ndi ici. Makolo athu anali ndi cidyerano, ndipo mwana wamasiye anali kupeza mbale. Lero nyumba iri yonse isonkha moto wace, nkhuni zirikutha, ndipo ana ena agona osadya. Mabanja asanu atagwirizana kuphika phala la ana pa mbaula imodzi, monga ya Changu Changu Moto imene a Ripple Africa aphunzitsa kuno, nkhuni za tsiku limodzi zingaphike masiku angapo.

Ena adzati, "Nanga waulesi adye thukuta langa?" Iai. Sankhani munthu wolemba cimene ali yense abweretsa. Wopanda ufa atunge madzi kapena atole nkhuni. Mutu umodzi susenza denga. Kambiranani ndi mfumu yanu, ndipo yambani mvula isanagwe.