PA CHIWONGOLERO: Giya kapena buleki pa mtsetse wa ku Thyolo?

Awerengi anga, mkangano wavuta pakati pa anyamata amene agula galimoto za otomatiki zochokera ku Japan, ma Mark X ndi ma Altezza aja amalira ngati mkango. Ati ukamatsika mtsetse usamatsitse giya, ukupha giyabokosi. Ati mabuleki ngotchipa, giyabokosi njodula. Ine ndikuti mawuwa ndi oona theka lokha, theka linalo likhoza kukugonekani pa machira ku Malamulo.

Tiyeni tiyambe ndi theka loonalo. Ngati mukufuna kuima pa msika wa Bvumbwe kuti mugule tomato, pondani buleki basi, ntchito yake ndi imeneyo. Kumangosewera ndi giya pamalo a fulati kuti atsikana amve kulira kwa injini ndi chibwana, mukungokalambitsa makilatchi a m'kati mwa giyabokosi.

Koma Thyolo si Nchalo, abale. Amene anayendapo mseu wa Makwasa kudzera ku Thekerani kutsikira ku Muona akudziwa zimene ndikunena. Mtsetse wautali, makona osatha. Mukagoneka phazi pa buleki mtunda wonsewo, mapadi amatentha mpaka kuleka kugwira. Nawo mafuta a mabuleki amawira. A DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri 205, koma akamwa chinyezi amawira pa 140 pokha. Ndiye chinyezi ku Thyolo n'chosowa ngati? Mafutawo akawira, buleki imangolowa mpaka pansi ngati mwaponda nthochi yakupsa.

N'chifukwa chake a ku fakitale anakuikirani 2 ndi L pansi pa D, kapena S, kapena timapiko ta + ndi - kuseri kwa chiwongolero. A Prius ndi Aqua muli ndi B. Si zokongoletsa ayi! Mukatsitsa giya, injini ndi imene imaigwira galimoto, mabuleki n'kumapuma. Ndipo galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kompyuta imene imakana kulowetsa giya yotsika ngati liwiro lachuluka. Ena imangowalirira kuti pi-pi, osasintha.

Nanga chimapha giyabokosi n'chiyani? Kutentha ndi mafuta okalamba. Ambirife chigulireni galimoto ku Dar es Salaam sitinaonepo mtundu wa ATF yathu. Ikada bii n'kumanunkha chopserera, mavuto ayamba kale. Chinanso ndi kuthira mafuta olakwika: Vitz ya CVT ili ndi mafuta akeake, osati alionse a pa shelefu. Kwinaku ndi kukankhira pa R kapena pa P galimoto isanaimiretu. Safunsa anadya phula.

Tsono pali anzathu ena ochenjera mopusa amene amaika pa N potsika, ati kusunga petulo. Bodza lamkunkhuniza! Galimoto za injekishoni zikamatsika zili m'giya, phazi litachoka pa moto, kompyuta imatseka yokha mafuta. Pa N injini imamwabe kuti isazime, ndipo katundu yense mwamusenzetsa mabuleki.

Nayi njira yake. Musanayambe mtsetse, chepetsani liwiro ndi buleki, kenaka tsitsani giya imodzi. Ikamathamangabe, pondaninso buleki, mutsitse ina. Singano ya injini isafike pofiira. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya, osati kuikwerera. Koma chenjerani m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa mseu n'kuterera. Mark X imakankha ndi mateyala a kumbuyo, ndiye mukaigwetsera giya mwadzidzidzi pakona, matako ake amatembenuka inu n'kupezeka mwalowa m'munda wa tiyi.

Ndipo kumbukirani amene ali pa mseuwo. M'mawa kuli nkhungu, amayi ndi abambo othyola tiyi ku Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba amakhala ali m'mbali ndi madengu awo kumsana. Kuseri kwa kona kuli thirakitala yokoka ngolo ya masamba, ikuyenda ngati kamba. Ana asukulu nawo ali pomwepo. Giyabokosi ikafa mupita kwa amakaniko ku Limbe, mulira ndi thumba kwa mwezi umodzi. Koma mayi wa ana asanu mukamugula sitolo iti?

Sabata yamawa tidzakambe za mateyala a kaunjika. Yendani bwino, kuthamanga sikufika.