Mapulofesa athu, mwati duu bwanji?

Mwezi wa November chaka cha 2023, litangomveka lipenga loti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, ndidakwera minibasi pa Limbe kupita m'tauni ya Blantyre. Mudali phokoso ngati pa bwalo la milandu amfumu asanafike. Mayi wina wogulitsa tomato, dengu lili pamiyendo, adafunsa mokweza kuti, "Tsono abale, K10,000 yanga ndinasungitsa kubanki m'khonde ija yasanduka zingati?" Kondakitala sadachedwe. "Yatsala K5,600 mayi, inayo yapita." Bambo wina wa tayi adatsutsa, nati ndalama zonse zisinthidwa, zakale azikana m'sitolo. Mayi uja adatsikira pa Ginnery Corner nkhope ili yakugwa, wanyamula dengu la tomato pamodzi ndi mabodza awiri.

Chikhalirecho yankho lake lidali lalifupi. Dola imene inkagulidwa pa K1,180 idayamba kugulidwa pa K1,700, ndipo 44 peresenti ija ndiko kukwera kwa mtengo wa dola kumeneko. K10,000 ya mayi uja idali K10,000 yomweyo, palibe adatapako, kungoti mphamvu yake pogula zochokera kunja monga feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala idatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Mwana wa Fomu 2 akhoza kumva zimenezi bwinobwino atamuuza m'chinenero chake.

Ine ndakhala ndikulemba nkhani m'nyuzipepala kwa zaka zambiri, choncho nditafika ku ofesi ndidaimbira mphunzitsi wina wa zachuma pa sukulu ina ya ukachenjede, munthu amene ndimadziwa kuti nkhanizi amazimwa ngati madzi. Ndidamupempha kuti andilongosolere m'Chichewa, mizere khumi yokha. Adaseka. "Aaa achimwene, zimenezi m'Chichewa sizingatheke. Komanso munditaya, ine ndili ndi ana kusukulu. Tumizani mafunso kudzera ku ofesi." Mafunso ndidatumiza. Yankho ndikudikirabe mpaka lero.

Ndiye funso langa ndi ili: mapulofesa athu, madokotala a zamaphunziro athu, mwati duu bwanji pamene mtundu ukukangana mumdima?

Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa mu 1965. Lero tili ndi UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS zimene zidaima pazokha mu 2021, LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu, MUST ku Thyolo, osawerengera za mipingo ndi za anthu a bizinesi. Za boma zonsezi zimayenda ndi msonkho. Mayi wa tomato uja akagula sopo kapena mayunitsi a foni amadulidwa msonkho, ndipo kachigawo ka msonkhowo kamakathera pa malipiro a mphunzitsi amene adandikana uja. Ndiye kuti mayi uja adalimira nawo munda, koma pokolola nkhokwe taikhoma ndi loko wa Chingerezi, kiyi n'kumutumiza ku London.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti aphunzitsiwa ndi amantha achabechabe. Mantha awo adachita kuphunzitsidwa, ndipo mphunzitsi wake adali waluso. Mu September 1987 apolisi adagwira Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, n'kukamutsekera ku Mikuyu mpaka May 1991 osamuzenga mlandu uliwonse. Sadali yekha: ena adatsekeredwa iye asanatsekeredwe, ena adathawira kunja osabwereranso. Amene adatsala adaphunzira kuti ng'oma yolira sichedwa kusweka. Titavota pa referendamu ya 1993 tidati zatha. Koma mu February 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene adaphunzitsa m'kalasi, poti adayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zidautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi adakana kulowa m'kalasi, anayi adachotsedwa ntchito, ndipo Chanco idakhala osaphunzira pafupifupi miyezi isanu ndi itatu mpaka anayiwo atabwezeretsedwa. Munthu amene adaona zimenezi ndi maso ake, ukamuimbira foni kuti anenepo za bajeti, amayamba wayang'ana kumbuyo.

Zimenezo ndikuzivomereza. Koma ndikufunsa: kodi mu 2011 muja ankamenyera chiyani? Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limatchula ufulu wa zamaphunziro poyera. Ufulu umenewu udagulidwa ndi ndende komanso ndi malipiro a anthu amene adaimitsidwa ntchito. Kodi tidaugula kuti tiziuvala pa tsiku la galajuweshoni pokha ngati mkanjo, kenaka n'kuupinda, kuubwezera m'sutikesi? Ufulu wolankhula m'kalasi ya ana makumi asanu, koma osalankhula kwa mtundu umene udamanga kalasiyo, ndi ufulu wa nkhuku ya m'khola.

Ndipo tisanamizane, si mantha okha. Pali nkhani ya mimba. Mphunzitsi akafuna kukwezedwa pa udindo, chimene chimalemera pa sikelo ndi mapepala amene wasindikiza m'magazini a akatswiri, ambiri mwa iwo a kunja, amene ngakhale mnzake wa ofesi yoyandikana nayo sangawawerenge popanda kulipira madola. Akalemba tsamba lathunthu m'nyuzipepala kulongosolera alimi chifukwa chake nthaka yawo yaguga, pa sikelo ija singano sigwedezeka n'komwe. Mwinanso anzake amuseka kuti wasanduka wofuna kutchuka. Tsono munthu wa nzeru zake asankha chiyani? Asankha wekishopu ya kunyanja ku Mangochi, komwe kuli alawansi, n'kulembera bungwe lakunja lipoti la masamba zana limene lidzawerengedwe ndi anthu atatu lisanakagone pa shelefu. Anthu a m'mudzi amene adafunsidwa mafunso tsiku lonse padzuwa, za ana angati, mumadya kangati, chimbudzi chili kuti, sadzamvanso kuti zidatha bwanji. Galimoto idabwera, idapita, fumbi n'kukhazikika.

Pamene odziwa ati chete, bwalo silikhala lopanda anthu. Tsegulani wailesi madzulo ano. Mumva "katswiri" yemweyo amene dzulo amayankha za feteleza, lero akuyankha za malamulo a chisankho, mawa adzayankha za chivomezi. Tsegulani WhatsApp, mupeza mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika dzina akulangiza mtundu wonse za mankhwala. Mphekesera za katemera wa Covid-19 tidazimva tonse, zoti ndi chizindikiro cha chilombo, zoti amatseka kubereka. Mu May 2021 boma lidatentha katemera woposa 19,000 amene adatha mphamvu asanabayidwe. N'zoona kuti adafika masiku ake atatsala ochepa, koma mphekesera nazo zidabweza anthu pa khomo la chipatala. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700, matenda amene njira yake yofalira idadziwika kalekale. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023 n'kukwirira anthu ku Chilobwe, tidamva zifukwa zamitundumitundu m'misika ndi m'maliro, koma ndi angati mwa ife adamva munthu wodziwa za miyala ndi nthaka akulongosola m'Chichewa chomveka zimene zimachitika dothi la pa phiri lopanda mitengo likamwa mvula ya masiku atatu? Kusalankhula kwa odziwa kuli ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi anthu a ku Chilobwe, osati a ku Sunnyside.

Tsono nkhani yoti "m'Chichewa sizingatheke" ija ndiye imandiwawa koposa. Chinenero chimene chimagamula milandu ya malo ndi ya chokolo pa bwalo la mfumu, chimene chidanyamula Baibulo lonse, chimene alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsira kasinthasintha wa mbewu kwa zaka makumimakumi, lero chikanike kunyamula mtengo wa dola? Yunivesite yomweyo ili ndi Centre for Language Studies, imene mu 2000 idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Akatswiri a chinenero ali pakhomo pomwepo. Chovuta si Chichewa ayi. Chovuta n'choti Chingerezi ndi bulangete labwino: munthu ukhoza kufunda mawu aatali osadziwika kuti mkati mulibe kanthu, kapena osadziwika kuti waima mbali iti. M'Chichewa mulibe pobisala. Ukati "ngongole iyi adzabweza ndi adzukulu anu", agogo a ku Ntchisi amva, nduna nayo imva.

Ife atolankhani tisadziyeretse. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo khutu langa lomwe ndilitsina. Kangati tidaimbira pulofesa nthawi itatha, kumufunsa funso la zaka khumi za kafukufuku kuti ayankhe m'mphindi imodzi? Kangati adatilongosolera mosamala kuti mbali iyi zili bwino koma mbali iyo pali chiopsezo, ife n'kudula zonse, n'kulemba mutu wa nkhani woti "Pulofesa wadzudzula boma"? Mawa lake iyeyo ndiye woitanidwa ku ofesi ya akuluakulu, ife tili phee tikusaka nkhani ina. M'mafoni mwathu muli manambala a akatswiri atatu kapena anayi, onse abambo, onse a m'tauni, ndipo timangowazungulira omwewo ngati ng'ombe ya pachikhomo. Amayi amene ali ndi madigiri a udokotala pa zaulimi, zaumoyo ndi zamalamulo alipo, koma sitiwafuna chifukwa kufunafuna n'kotopetsa.

Kuti zitheka, umboni ulipo. Aphunzitsi a zamalamulo monga a Edge Kanyongolo akhala akumasulira malamulo m'nyuzipepala ndi pa wailesi kwa zaka zambiri, ndipo thambo silidagwe. Khoti litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020, anthu a m'minibasi omwe aja ankatsutsana za 50 kuphatikiza 1 ngati maloya, poti mlandu udaulutsidwa pa wailesi ukumasuliridwa m'Chichewa, ndipo odziwa malamulo ankabwera kudzautambasula. Anthu athu si ogona. Ukawapatsa nkhani yolimba m'chinenero chawo, amaitafuna.

Ndiye tichite chiyani? Kudzudzula kokha sikumanga nyumba. Choyamba chili m'manja mwa makhonsolo ndi maseneti a mayunivesite: alembe m'malamulo okwezera anthu pa udindo kuti nkhani yolembedwa bwino m'nyuzipepala, pologalamu ya pa wailesi, kapena kukaonekera pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo, nazo ziziwerengedwa. Sindikunena kuti zilowe m'malo mwa kafukufuku, chifukwa wopanda kafukufuku alibe chouza anthu. Ndikunena kuti singano ya sikelo ija izigwedezekako. Alembenso poyera kuti mphunzitsi safunika chilolezo cha wina aliyense kuti alankhule za ntchito imene adaiphunzira, ndi kuti akavutitsidwa chifukwa cha zimenezo, loya wa yunivesite aima naye, osati kumuthawa.

Chachiwiri n'chotsika mtengo zedi. Ofesi ya zofalitsa nkhani pa yunivesite iliyonse isamangotumiza zithunzi za akuluakulu akudula riboni. Ikhale ndi mndandanda wa aphunzitsi, zimene aliyense amadziwa, zinenero zimene amalankhula, ndi nambala imene imayankhidwa. Ilembe ntchito mtolankhani mmodzi wokhwima woti azikhala pansi ndi aphunzitsiwo, kuwaonetsa mmene pepala la masamba makumi atatu limasandukira mawu 700, mmene umayankhira pa wailesi osayamba ndi mbiri ya Adam Smith. Limeneli ndi luso, limaphunziridwa monga kupalasa njinga, ndipo pulofesa asachite nalo manyazi. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Madipatimenti ophunzitsa utolankhani ali m'mayunivesite momwemo, mawailesi a m'madera ali mbwee m'maboma, akusowa zoulutsa kupatula nyimbo ndi mauthenga a maliro.

Chachitatu: kafukufuku aliyense wochitikira pakati pa anthu asatsekedwe popanda masamba awiri a m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chinenero cha kumene adachitikirako, ndipo wofufuzayo abwerere kukawerengera eni ake pansi pa mtengo womwe uja adawafunsira mafunso. Pa mamiliyoni a thiransipoti ndi maalawansi, ulendo umodzi wobwereza sungasaukitse munthu.

Ife a nyuzipepala tipereke malo okhazikika, tiziwerengera munthu mawu ake tisanawasindikize, tizilipirako kangachepe pa nkhani imene watilembera, ndipo mutu wa nkhani uzinena zimene iye wanena. Aphunzitsi nawo atithandize pa ziwiri: azilankhula za m'munda mwawo, osalumphira m'minda ya eni, ndipo ngati chipani kapena kampani ikuwadyetsa, anene poyera tisanawamvere. Tawaonapo ena amene ankabangula pa wailesi, atangopatsidwa mpando wonona mawu n'kuuma. Amenewo ndiwo amachititsa anthu kukayikira ngakhale olankhula zoona.

Kwa mphunzitsi amene adandiseka pa foni uja, ndilibe nanu mangawa, achimwene. Ana anu akusukulu ndikuwamvetsa. Koma mayi wa tomato uja nayenso ali ndi ana, ndipo tsiku lija adapita kunyumba akukhulupirira kuti theka la ndalama zake labedwa usiku. Mwina adakazitapa zonse kubanki m'khonde, mwina adakangana ndi msungichuma wa gulu lawo. Inu mudali ndi mizere khumi imene ikadamukhazika mtima pansi, ndiponso kumuchenjeza za chimene chinkabweradi, kukwera kwa feteleza ndi thiransipoti. Nambala yanga ikadali yomwe ija, ndipo tsamba lino lili ndi malo.