Thandizo Lofunika Mliri Utapita

Mliri ukatha m'dziko, anthu okhala kutali amayesa kuti mabvuto onse atha nao pamodzi. Anthu a ku Sierra Leone, dziko la kumadzulo kwa Africa, anaona kuti sizitero ai.

Nthenda ya Ebola inabuka ku Guinea kumapeto kwa caka ca 2013, ndipo m'caka ca 2014 inaoloka malire nilowa ku Liberia ndi ku Sierra Leone. Munthu amaitenga pokhudza mwazi, masanzi kapena mtembo wa munthu amene anadwala nthendayo. M'maiko atatuwo munafa anthu oposa 11,000. Boma la Sierra Leone linatseka masukulu onse, ndipo ana anakhala kwao pafupifupi miyezi isanu ndi inai. Maphunziro ena anali kumveka pa wailesi, koma si nyumba zonse zinali ndi wailesi.

Masukulu anatsegulidwanso mu April 2015. Bungwe la UNICEF linathandiza Boma kugawa ndowa ndi sopo zosambira m'manja, ndi tizipangizo toyesera kutentha kwa thupi. Palibe angakane kuti zinthu izi zinali zofunika. Koma ndowa ya pakhomo pa sukulu imathandiza mwana yekhayo amene wafika. Nanga amene sanafike?

Ambiri a iwo anali ana amasiye. Makolo ao atamwalira, anatengedwa ndi agogo kapena amalume amene anali kale ndi ana ao oti awadyetse. Malonda anali ataima, minda yambiri inali yosalimidwa, ndipo anansi ena anali kuopa ngakhale kuyandikira nyumba imene munagwa maliro a Ebola. M'banja lotere, mwana wamkuru amatumidwa kukagulitsa madzi kapena nkhuni, osati kukaphunzira.

Apa ndipo pamene bungwe lacifundo la Street Child linacita mwanzeru. Bungweli ndi la ku Britain, ndipo linayamba nchito yace ku Sierra Leone m'caka ca 2008. Anchito ace, amene ambiri anali eni dziko, anayenda m'midzi kufunafuna ana amasiye ndi abale oti awalere. Olerawo anapatsidwa ndalama pang'ono zoyambira malonda, naphunzitsidwa kasungidwe kace, kuti phindu lace lisunge mwana pasukulu.

Alipo ena amene amati ndalama za sukulu ziyenera kugula mabuku ndi kumanga zipinda basi, pakuti munthu wamkuru wanjala akhoza kuzidya. Nzoona kuti ena amadyadi, ndipo malonda ena amagwa. Komabe malaya a sukulu opatsidwa caka cino amang'ambika caka camawa, ndipo bungwe silidzabwera caka ndi caka kudzasoka ena. Agogo amene ali ndi kathebulo kao ka nsomba ndi mafuta pamsika adzagula malaya aciwiri okha, osadikira mlendo. Cipinda catsopano cimakondweretsa maso a opereka, koma sicidziwa dzina la mwana amene watsala kumudzi.

Panalinso ana ena amene ndalama sizikanatha kuwabweza. Atsikana ambiri anatenga pakati masukulu ali otseka, ndipo m'caka ca 2015 Boma linawaletsa kulowa m'kalasi pamodzi ndi anzao. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anakasuma mlandu ku bwalo la maiko a kumadzulo kwa Africa. Bwalolo linagamula mu December 2019 kuti lamulolo linali lolakwa, ndipo Boma linalicotsa mu March 2020, patapita zaka zisanu.