Mango akuolera pansi ife tikumwa vinyo wa eni

Mwezi wa December ukafika, tayendani mumsewu wa M5 kuchokera pa Nkhotakota boma kulowera ku Dwangwa, dera la Mfumu Kanyenda. Chimene chidzakulonjereni ndi fungo la mango oola. Amayi amakhala m'mbali mwa msewu ndi mabeseni odzaza tho, kuimika galimoto iliyonse yodutsa. Dzuwa likamapendeka mtengo umatsika, likalowa mango otsala amakhala chakudya cha mbuzi ndi ntchentche.

Chaka chatha ndidaima pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja komweko. Adandikonzera chambo chootcha bwino. Nditafunsa ngati ali ndi vinyo wopangidwa kuno kwathu, mnyamata woperekera zakudya adamwetulira mwaulemu.

"Pepani bambo, amene tili naye ndi wa ku South Africa yekha," adatero.

Nsomba idali ya m'nyanja yathu, mpunga wa m'madambo athu, wophika mwana wathu. Koma ndalama ya botolo idali paulendo wopita kwa eni. Apa mpamene ndidayamba kulingalira nkhani imene ndikufuna tikambirane lero.

M'maiko monga Britain, America ndi South Africa muli malonda ena amene ife sitidawazolowere. Munthu amalembetsa dzina lake n'kumalipira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi. Mwezi ukatha amamutumizira katoni ya mabotolo angapo a vinyo wochokera kwa alimi ang'onoang'ono, amene katundu wawo sapezeka m'masitolo akuluakulu. M'katonimo amaikamo kapepala kofotokoza amene adapanga vinyoyo, dera lake, ndi chakudya chimene amayenda nacho bwino.

Wina anena kuti izi ndi za anthu okhuta. Sindikana. Koma tiyeni tisiye kuyang'ana botolo, tiyang'ane mlimi. Chimene iye amapeza pamalondawa ndi chinthu chimene mayi wa beseni la mango wa kwa Kanyenda sadakhalepo nacho: wogula wodziwika, mtengo wodziwika ndi tsiku lodziwika. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlimi amene akudziwa kuti mwezi wamawa anthu akutiakuti adzamulipira angathe kugula mabotolo, kulemba wantchito, ngakhale kukalankhula ndi a banki osachita manyazi.

Maganizo anga ndi akuti nzeru imeneyi ingathe kugwira ntchito kuno, ndipo zipangizo zake tili nazo kale.

Choyamba, vinyo wa zipatso si maloto m'Malawi muno. Mumzinda wa Lilongwe muli kampani ya Linga, ya banja la a Ngwira, imene yadziwika ndi vinyo wa magwafa, jambula, mapichesi, mabulosi, sitiroberi ndi chidede, ndipo zipatsozo imagula kwa alimi ang'onoang'ono. Ku Karonga, gulu la Twitule, lomwe ambiri mwa mamembala ake ndi amayi, lidatchuka mu 2024 pamene wailesi ya BBC idafalitsa nkhani ya vinyo wawo wa nthochi. Amayiwa adatopa kutaya nthochi zimene zinkapsa msanga kaamba ka kutentha. M'malo molira, adazisandutsa malonda.

Chachiwiri, taonani mwayi wa dera la Kanyenda. Vinyo amapangidwa yisiti ikadya shuga n'kumusandutsa mowa. Mphesa zili ndi shuga wokwanira pazokha, koma zipatso zathu zambiri zimafuna kuthira shuga woonjezera. Nanga shugayo ali kuti? Ali pakhomo pomwepo, pafakitale ya Illovo ku Dwangwa. Pafupi pomwepo pali kampani ya Ethco, imene kuyambira 1982 yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga. Ndiye kuti deralo lili ndi anthu amene atha zaka akugwira ntchito yowiritsa zinthu mwaukhondo ndi kuziyeza bwino. Ena adapuma pantchito ndipo akhala m'midzi ndi luso lawo. Zipatso zilipo, shuga alipo, luso lilipo, msewu wa tala ulipo. Chikusowa ndi wogula wokhazikika.

Tingoyerekeza. Gulu la alimi litapeza mabanja 200 ku Lilongwe, Mzuzu, Kasungu ndi Salima, komanso malo khumi ogona alendo, onse n'kuvomera kutenga katoni imodzi mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu, gululo lingadziwiretu kuchuluka kwa mango ofunika mu December, magwafa ikafika nyengo yake, ndi chidede mvula ikatha. Vinyo saola ngati chipatso. Mango a masabata ochepa angathe kudyetsa banja miyezi 12. Ndalama nayo siyofunika kuinyamula pabasi. Airtel Money ndi TNM Mpamba zidafika kale m'midzi.

Nkhani ya chakudya nayo tisaiderere. Azungu ali ndi kachitidwe kawo: vinyo woyera wosatsekemera amayenda ndi nsomba, wofiira amayenda ndi nyama. Koma palibe amene adakhala pansi kutilembera chimene chimayenda ndi kondowole wa usipa, kapena mpasa wa mumtsinje wa Bua, kapena nkhuku yachikuda ya mpunga wa kilombero. Ntchito imeneyo ndi yathu. Kwa ine, vinyo wa magwafa amakhala bwino ndi chambo chootcha, ndipo kuwawasa kwa chidede kumachepetsa mafuta a nyama ya mbuzi. Wina atsutsa, ndipo kutsutsanako ndiye kukoma kwake. Chachikulu n'chakuti kapepala kotere kamagulitsa zinthu zambiri nthawi imodzi. Wogula ku Area 47 akawerenga kuti botolo lake limayenda ndi mpunga wa ku Nkhotakota, mawa adzafunsa mpungawo. Bwanji osangouika m'katoni momwemo?

Tsono ndikudziwa kuti pali owerenga amene akwinya kale nkhope. "Kodi nkuluyu akufuna kutichulukitsira zidakwa?" Funso limeneli ndi loyenera. Tonse tikukumbuka zimene mowa wa m'masacheti udachita kwa anyamata athu, ngakhale ana asukulu, mpaka boma lidauletsa mu 2015. Tonse tili ndi mbale amene kachasu adamutha. Ndiponso Nkhotakota ndi kwawo kwa Asilamu ambiri ndi Akhristu a mipingo imene silola mowa. Chikhulupiriro chawo n'chofunika kuchilemekeza.

Yankho langa lili pawiri. Poyamba, chimene chidapangitsa masacheti kukhala oopsa ndi ukali wake, kutchipa kwake ndi kupezeka kwake paliponse, moti mwana ankatha kubisa m'thumba la yunifolomu. Katoni yopita kwa munthu wamkulu amene adalembetsa dzina, yamtengo wokwera, ndi chinthu china. Ngakhale zili choncho, vinyo ndi mowa basi. Sayenera kufika m'manja mwa mwana wosakwana zaka 18, mayi woyembekezera, kapena munthu amene akuyendetsa galimoto. Ndipo amene samwa asayambe chifukwa cha nkhani yangayi.

Kachiwiri, nzeru ya kulipira mwezi ndi mwezi siidalira mowa. Gulu lomwelo lingathe kukhala ndi makatoni awiri: ina ya vinyo, ina ya madzi a zipatso, jamu, mango oumitsa, uchi ndi mpunga. Hajji ndi mkulu wampingo angathe kugulitsa mango awo ku katoni yachiwiriyo mtima uli m'malo. Mwinanso imeneyi ndiyo ingayende malonda kuposa inzake.

Koma walira mvula walira matope. Pali zinthu zitatu zimene zingaphe ntchitoyi isanabadwe.

Chinthu choyamba ndi ukhondo. Vinyo wopangira m'chigubu chimene dzulo mudali mafuta a galimoto si malonda, ndi ngozi. Gulu lililonse liyenera kudutsa ku bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ndi kutenga chiphaso chogulitsira mowa. Alimi ambiri amadandaula kuti njira imeneyi ndi yaitali ndi yodula. Apa mpamene khonsolo ya Nkhotakota ndi alangizi a zamalonda ayenera kuonetsa ntchito yawo. Pulogalamu ya One Village One Product, imene dziko lino lidatengera ku Japan mu 2003, idatiphunzitsa kuti kupatsa gulu makina n'kosavuta. Chovuta ndi kulipezera chiphaso ndi msika.

Chachiwiri ndi kukhulupirika. Munthu amene walipiriratu amadikira katundu wake pa tsiku limene mudagwirizana. Mukamuuza kuti "mubwere mawa" kawiri, wapita, ndipo auza anzake khumi. Botolo la mwezi uno lifanane kukoma ndi la mwezi watha. Msungichuma wa gulu asasandutse ndalama ya ogula kukhala ya chipepeso cha maliro kapena ngongole ya apongozi.

Chachitatu ndi mtengo. Alimi a mpunga kunyanja amadziwa bwino za mavenda amene amapereka ndalama mu February, njala ili pakhosi, n'kudzatenga matumba pamtengo wolira nthawi yokolola. Kumenekonso ndi kulipiriratu, koma dzina lake lenileni ndi katapila. Kusiyana kwake n'kwakuti pamalonda amene ndikunenawa mtengo amaika ndi gulu la alimi, poyera, ndipo umalembedwa. Ngati wapakati ndiye adzalamule mtengo, ndiye kuti tangomuveka venda taye.

Anthu a kwa Kanyenda adaona zowawa m'chaka cha 2024 pamene madzi osefukira adagwetsa nyumba ndi kukokolola mbewu m'dera la Dwangwa. Banja lodalira munda umodzi ndi kukolola kamodzi pachaka limagwa msanga tsoka lotere likabwera. Mtengo wa mango uli ndi mizu yozama; chimanga chikapita ndi madzi, kawirikawiri iwo umatsala chiimire. Si nzeru kuusiya kuti uzidyetsa ntchentche.

Tsono pempho langa likupita kwa inu eni malo ogona alendo kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chintheche: ikani botolo limodzi la kwathu pambali pa la ku Stellenbosch, mlendo asankhe yekha. Kwa inu apantchito m'tauni amene mumati mumakonda zakwathu: chikondi chogula kamodzi pachionetsero cha zamalonda sichilipira fizi ya mwana wa mlimi. Lonjezani kugula mwezi ndi mwezi. Ndipo kwa inu amayi a mabeseni, mutu umodzi susenza denga. Mudatha kusunga ndalama pamodzi kubanki m'khonde; simungalephere kusunga mango.

December akubweranso. Mitengo idzabereka monga mwa nthawi zonse. Funso n'lakuti adzadye ndani.