Chitsime Chisasanduke Manda

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Chilimwe chikafika pachimake zitsime n'kuphwa, timamva mbiri imodzimodzi: wakuti analowa m'chitsime kukakumba kuti madzi abwerenso, sanatuluke, mbale wake anamtsatira kukamtenga, nayenso anatsalira momwemo. Pamaliro anthu amanong'onezana kuti ndi ufiti. Ife tikukana! Bodza limeneli likubisa amene ayenera kuyankha mlandu, ndipo likusandutsa nkhalamba zosalakwa kukhala mfiti.

Chimene chimapha ndi mpweya. Mwa magawo 100 a mpweya umene timapuma, 21 ndi okosijeni, wopatsa moyo. M'dzenje lakuya masamba ndi zinyalala zikamaola zimadya okosijeniyo, n'kutulutsa mpweya wolemera umene umakhazikika pansi monga madzi mumtsuko. Suoneka ndi maso. Munthu amamva chizungulire, miyendo n'kulefuka, n'kugwa asanafuule n'komwe. M'dzenje la chimbudzi muli wina wonunkha ngati mazira ovunda, ndipo ukachuluka mphuno imaleka kuumva. Utsi wa injini ya petulo yopopera madzi nawo umapha mwakachetechete.

Tamverani ichi. Mu 1986 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha antchito, la NIOSH, linachenjeza kuti mwa anthu 100 ofera m'malo opanikizika otere, oposa 60 anali opita kukapulumutsa anzawo. Chikondi chopanda chikonzero chimakumbitsa manda awiri m'malo mwa amodzi.

Kodi mlandu ndi wa yani? Ndi wa mwini chitsime kapena kontirakitala amene amatuma mnyamata waganyu pansi ndi khasu lokha, iye ali khale pamthunzi. Amati chingwe n'chodula. Nanga bokosi la maliro n'lotsika mtengo? Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chitetezo ndi umoyo wa antchito, loika udindo pa wolemba ntchito. Makolo athu sanakane thangata kuti ife tizitayana m'maenje chifukwa cha tindalama ta ganyu. Mlandu ulinso pa mwamuna wonena kuti, "Ine ndakumba zitsime zambiri, chingwe n'cha amantha." Mpweya woipa sufunsa zaka za munthu.

Chifukwa chake tikuti munthu asatsike zinthu izi zisanakonzeke. Pakamwa pa chitsime paimikidwe mitengo itatu yolimba, yomangidwa pamwamba, yokhala ndi kagudumu kokokera chingwe. Wotsika avale chisoti cholimba ndi lamba wogwira m'mapewa ndi m'ntchafu, pakuti chingwe cha m'chiuno chokha chimapulumutsa kapena kupinda munthu wokomoka. Chingwe chake chikhale chosiyana ndi cha ndowa, ndipo chiyang'anidwe m'mawa uliwonse ngati chayamba kuthetheka. Pamwamba pakhale amuna osachepera atatu, osaledzera, osachokapo, oyankhulana naye nthawi zonse. Dothi ndi miyala ziunjikidwe kutali ndi pakamwa. Injini ikhale kunja, utsi wake ulowere kwina.

Mpweya wa pansi uyambe wasinthidwa, ngakhale potsitsa ndi kukweza nthambi zamasamba nthawi yaitali. Tsitsani nyali m'chitsime: ikazima, munthu asalowe. Koma ikayaka musati zonse zili bwino, pakuti nyali siona utsi wa injini. Ndipo m'chimbudzi musatsitsemo moto, mpweya wake umaphulika.

Lamulo lalikulu ndi ili: mnzathu akasiya kuyankha, timkoke ndi chingwe tili pamwamba. Wina asalumphiremo, ngakhale atakhala bambo wake womubala.

Mutu umodzi susenza denga. Pamsonkhano ukubwerawu tipangane chopereka, nthambi igule chingwe, lamba, chisoti ndi kagudumu, zisungidwe kwa a Mlembi, ndipo achinyamata ayesere kukoka thumba la mchenga lolemera ngati munthu tsoka lisanagwe. A Wapampando akapemphe a Nyakwawa alengeze kuti m'mudzi muno chitsime sichilowedwa popanda zida zimenezi. Amayi, mwamuna wanu akanyamula khasu wopanda chingwe, imani pakhomo mumkanize.

Madzi tikuwafuna, koma osati ogula ndi mitembo ya ana athu. Bwerani nonse kumsonkhano!