Kobili Loboola la Agogo Si Golide, Koma Musalitaye

Mphekesela yakuti makobili akale oboola pakati ali ndi golide siikutha. Imayenda m'mabasi a pa Great East Road, pa WhatsApp, ndi m'misika ya ku Petauke ndi ku Nyimba. Amati kuli wogula ku Lusaka kapena ku Johannesburg amene adzapeleka mamiliyoni. Kuno ku Msanzala anthu sacedwa kukhulupilila, cifukwa golide tikumudziwa: mgodi wa Sasare unayamba kukumbidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mpaka lelo acinyamata amasefa mcenga m'mitsinje. Koma golide wa m'nthaka ndi wina, makobili a m'cikwama ca agogo ndi ena.

Peni loboola lija, lokhala ndi njovu ziwili, ndi la nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo linayamba kupangidwa mu 1955. Ndi la mkuwa. Hafu peni wa nyamalikiti ziwili nayenso ndi wa mkuwa. Tiki, susu ndi sheleni za nthawi yomweyo ndi za mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Zinapangidwa mamiliyoni, motelo sizisowa. Zimene zili ndi siliva ndi zina za Southern Rhodesia za pakati pa 1932 ndi 1946, zimene makolo anabwela nazo kucokela ku Walale. Izi zili ndi mtengo, koma wogulila mbuzi ungavute.

Ndalama zagolide zenizeni zinaliko. Paundi wagolide wa Angelezi, wochedwa sovereign, amalemela magalamu 7.98, ndipo golide weniweni mkati mwake ndi magalamu 7.32. Ena anasulidwa ku Pretoria kuyambila 1923 kufika 1932, ndipo ali ndi zilembo zing'onozing'ono SA. Ngati m'banja mwanu munali munthu amene anagwila nchito ku migodi ya ku Joni zaka zimenezo, n'kutheka kuti anasiya mmodzi. Ameneyo ndi cuma ndithu.

Mtengo wa ndalama yakale umacokela pa zinthu zitatu: citsulo cake, kusowa kwake, ndi maonekedwe ake. Ukalamba pawokha sugula kanthu. Mwacitsanzo, mu 1902, nkhondo ya Mabunu ili pafupi kutha, ku Pilgrim's Rest kunasulidwa mapaundi agolide 986 cabe, ochedwa Veldpond. Osonkhanitsa amawalimbilana cifukwa ndi ocepa, ndipo pa cifukwa comweco abodza ndi ambili. Kobili limene mudzi uliwonse uli nalo silingafike pamenepo.

Ndiye ngati mwapeza ndalama yakale, citani zinthu mofatsa. Musaikwecheze ndi phulusa, mcenga kapena ndimu. Mukaiwalitsa mwaipha, pakuti ogula amafuna nkhope yake yacikhalile. Ipimeni pa sikelo ya ogula golide inu mukuona, ndipo isacoke m'manja mwanu. Welengani caka ndi dzina la dziko, mufufuze pa intaneti, mufunse anthu awili kapena atatu. Musaisungunule, cifukwa ndalama yosowa ikasanduka cibuma imatsala ndi mtengo wa citsulo cabe. Ndipo munthu akakuuzani kuti muyambe mwalipila ya "kupima" kapena ya ulendo wa bwana wogula, dziwani kuti malonda ake ndinuyo. Wogula weniweni amabwela ndi ndalama, sapempha.

Cimene cimandidetsa nkhawa kwambili si kunamizidwa kokha, koma zimene mphekeselayi imacita m'mabanja. Adzukulu amafukula mabokosi a okalamba, abale amaganizilana zakuba, ng'ombe imagulitsidwa kuti munthu agule makobili amkuwa poyembekeza phindu. Umphawi ndi woona, ndipo palibe amene angadzudzule mlimi wofuna feteleza. Koma kobili la mkuwa silidzagula feteleza, ngakhale mutalisunga zaka zina makumi asanu.

Phindu lake ndi lina. Makobili amenewa ndi amene makolo anapelekela msonkho kwa atsamunda, kugulila mcele ndi nsalu, kwacha ndi ngwee zisanalowe mu Januwale 1968. Funsani agogo akali moyo kuti susu inkagula ciyani, ndani anaibweletsa, anayenda masiku angati kucokela ku Walale. Lembani mayankhowo pa pepala, mukulunge pamodzi ndi kobililo. Wagolide mungagulitse mutadziwa bwino mtengo wake. Wamkuwayo siyilani ana.